Mawu a Malemu pa Tsiku Lometa

Tsiku limene ndinayamba ntchito kwa Bwana Mafunso kunkatentha kwambiri. Unali mwezi wa Okutobala, nyenje zikulira m'mitengo mosalekeza, ndipo malole ankadutsa pa msewu waukulu wa ku Katete akusiya fumbi. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Abusa a kwathu ndiwo anandituma ndi kalata, chifukwa ndinali nditaphunzira kutayipa mu ofesi ya mishoni ndipo Chingerezi ndinkachimva.

Dzina la Mafunso anawapatsa ndi anthu a m'midzi. Anali Mngerezi wamtali, mwana wa m'busa, ndipo anaphunzitsapo mbiri yakale pa koleji kwawo asanapite ku nkhondo. Anali atasindikiza mabuku awiri a ndakatulo. M'zaka zija za Chitaganya anabwera kuno kudzalemba mbiri ya Achewa, nasiya mkazi ndi ana awiri ku Mangalande. Makalata a kwa mkazi wawo ankalemba okha pamanja, koma ndakatulo ankandipatsa ine kuti nditayipe. Mzere umodzi ankatha kuusintha kasanu.

Ntchito yeniyeni inali ya makina ojambulira mawu, bokosi lolemera lokhala ndi mawilo awiri a tepi. Tikafika pamudzi ndinkalumikiza waya ku batire ya galimoto, n'kuika maikolofoni pa mpando patsogolo pa wolankhula. Bwana ankafunsa, ine ndikumasulira. Pobwerera ndinkamvetsera tepiyo chiganizo chimodzi chimodzi, ndikutayipa mapepala atatu ndi kaboni, Chichewa kumanzere, Chingerezi kumanja. Ntchitoyi ndinkaidziwa bwino, ndipo Bwana sanandibwezerepo tsamba.

Mwa onse amene tinawajambula panalibe wofanana ndi a Lufeyo, a m'mudzi wina pafupi ndi Mkaika. Ankadziwa maina a makolo ndi mitsinje imene anawoloka. Analinso amalume a Esitere, mtsikana amene ndinkafuna kukwatira, ndipo monga eni mbumba anali atavomera kale.

"Iwe mkamwini wa mawa," ankatero, "uwauze azungu akowa asandithamangitse. Iwo akafika kwawo pa sitima, ine nkhani yanga ikuyenda pansi."

Tinadzaza nawo matepi anayi. Patangopita milungu itatu, a Lufeyo anamwalira ndi chifuwa.

Pa tsiku lometa, pamene abale amasonkhana kuti amalize maliro, Bwana anandiuza kuti ndikweze makina m'galimoto. Ankafuna kuti banja limvenso mawu a malemu.

"Atate anga anamwalira ndili ku nkhondo," anatero. "Mawu awo ndinawaiwala, Filimoni. Ndikanapereka chilichonse kuti ndiwamvenso."

Ine ndinkadziwa kuti tsikulo ndi lotsanzikana ndi mzimu kuti upite, osati louitana. Koma ndinangoti, "Bwana, mwina tsiku lina." Iwo anayesa kuti ndikudandaula za msewu. Sindinabwerezenso.

Tinapeza anthu atakhala pansi pa mtengo wa mango, ena atameta kale. Bwana anapepesa maliro bwinobwino, kenaka anandikodola. Ndinalumikiza waya ndi manja angawa. Mawilo anayamba kuzungulira, ndipo a Lufeyo anatsokomola m'bokosimo, n'kuyamba kutchula maina a makolo.

Akazi a malemu anakuwa kamodzi n'kugwa chagada. Amayi ena anathawira kuseri kwa nkhokwe. Zakeyo, mlongo wake wa Esitere, anadzuka atagwira mpini wa khasu.

"Ndiye mpweya wa amalume unapita mmenemu! Iwe Filimoni, unkadya nafe uku ukuwatsekera m'bokosi?"

Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse makina, mpini unatera pomwepo. Zala ziwiri zinathyoka. Bwana anaimirira pakati pathu nkhope itafiira, koma mawu oyamba amene anatuluka m'kamwa mwawo anali a kwa ine: "Bwanji sunandiuze?" Ngakhale amene sankamva Chingerezi anaona kuti mzungu akuloza ine.

Amayi a Esitere analankhula mosakweza mawu. "Pakhomo pano musadzapondenso. Mwana wanga sangakwatiwe ndi munthu wosunga akufa."

Ku chipatala anandimanga zala ndi timitengo. Masiku amenewo ndinapemphera kwambiri, ndipo ndinaona kuti mbali ina ya mlandu inali yanga. Nditatuluka ndinapita kwa Bwana, n'kulankhula monga ndinayenera kulankhulira poyamba.

"Matepi anayi aja si anu. Mundipatse ndikawabweze."

"Ndiwo mtima wa buku langa lonse," anayankha.

"Zonse ndinatayipa, mapepala muli nawo. Koma mawu ndi a eni ake. Mukakana, ndisiya ntchito lero."

Anayang'ana timitengo ta pa dzanja langa. Kenaka anatsegula kabati n'kundipatsa matepiwo.

Popeza amayi a Esitere anandiletsa kufika pakhomo, ndinapereka matepiwo kwa adzukulu amene anakumba manda. Iwo anakambirana ndi banja, ndipo anakawakwirira pambali pa mtumbira wa a Lufeyo. Panapita dzinja lathunthu osamva kanthu. Titakolola, ankhoswe anga anaitanidwa. Esitere anali atauza amayi ake kuti munthu wakuba sabweza yekha chimene waba, ndipo kuti wina aliyense sadzamulola.

Ndinagwira ntchito kwa Bwana zaka zina ziwiri, ndikutayipa ndi zala zisanu ndi zitatu, chifukwa ziwiri zothyoka zija zinauma. Kuyambira pamenepo, tisanalowe m'mudzi ndinkawauza zoyenera ndi zosayenera, ndipo ankamvera. Ndinaphunzira kuti womasulira amene wadziwa choopsa n'kungochinena monong'ona sanagwire ntchito yake. Bwana anabwerera kwawo mkazi wawo atadwala. Buku linatuluka, ndipo ananditumizira limodzi. Za tsiku lija sanazitchule m'bukumo, ngakhale m'kalata.

Ine ndi Esitere tinakhala zaka makumi anayi ndi chimodzi, mpaka Ambuye anamutenga. Zakeyo anakhala mlamu wanga nthawi yonseyo. Tinkalima moyandikana, ndipo pa maliro a mlongo wake anakhala pambali panga mpaka anthu onse atabalalika. Sanandipepesepo, monganso Bwana sanapepese. Onse awiri ndinawakhululukira.