Mphindi Yathunthu ya Amayi a Wotchi

Amayi a Wotchi ndawadziwa kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Zimene ndalemba pano ndi zimene ndinaona ndi maso anga ndiponso zimene anandiuza okha. Zoonjezera sindikonda.

Anali wothandizira anamwino pa chipatala cha m'dera lathu, kumbali ya ana oyendera, kumene mwana amapimidwa, kulandira mankhwala n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Dzinali linabwera chifukwa cha kawotchi kapulasitiki kamene ankakoleka m'khosi. Ntchito yawo inali kuwerenga kapumidwe ka ana odwala chifuwa. Anzawo ankawerenga theka la mphindi n'kuwirikiza kawiri. Iwo ayi. Ankamukweza mwana malaya, kudikira aleke kulira, n'kuyang'anitsitsa pamimba pake mphindi yathunthu. Akatsokomola pakati, ankayambiranso.

"Amayi, mzere wafika pamsewu," ankatero kalaliki wa pakhomo. "Mukuwerenga mpweya kapena mukudikira amere ndevu?"

"Inu lembani mayina, achimwene. Mwana sapuma mwatheka."

Kuuma mutu komweko ndi kumene kunawasankhitsa pamene kunabwera kafukufuku. Zipatala zisanu ndi chimodzi za m'matauni osiyanasiyana zinagwirizana kufufuza chinthu chimodzi: kodi mwana wa chibayo chosakula akamwa mankhwala masiku atatu amachira mofanana ndi womwa masiku asanu? Ndalama zake zinkachokera ku bungwe lina lakutali. Amayi a Wotchi anawapatsa kachipinda kakumapeto kwa khonde, kamene kale ankasungiramo matsache ndi ndowa. Munali tebulo, mipando iwiri ndi sikelo. Anzawo anaganiza kuti tsopano akudya zonona, ndiye analeka kuwaitana pa tiyi.

Kunyumba nako kunalibe wocheza naye. Amuna awo anamwalira kalekale, mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali. Chimene ankachiyembekeza sabata yonse chinali Lachisanu masana, pamene owerenga anzawo a m'zipatala zina zisanu zija ankakumana pa foni. Sanaonanepo maso ndi maso. Ankangodziwa kuti wina amaseka mpaka kutsamwa, wina amayamba chilichonse ndi "pepani", ndipo kwa wina kumamveka chigayo.

Mayi aliyense wovomera kuti mwana wake alowe m'kafukufuku ankamuwerengera pepala lonse, kenaka n'kuwonjezera mawu amene papepalapo panalibe: "Zikatha, ndidzabwera ndekha kudzakuuzani zimene tapeza."

Mmodzi mwa amayiwo anali wogulitsa nsapato zakaunjika. Tsiku limene anabweretsa mwana wake wamkazi, chingwe cha wotchi chinaduka, iye n'kusolola chingwe chofiira m'chikwama mwake, nawamangirira yekha. Akumanga, analankhula osawayang'ana.

"Wanga woyamba anamwalira ndi chibayo chomwechi. Atamwa masiku atatu anayamba kusewera, ine n'kusiya kumupatsa. Ndiye mukadzapeza, mudzandiuze ngati ndinamupha ndine."

"Ndidzabwera, achemwali."

Chaka chachiwiri chisanathe, dokotala woyang'anira kafukufuku analowa m'kachipindako m'mawa wina, kalata ili m'manja. Bungwe lija linali litatembenukira ku zina. Ana amene anafunika kuti yankho lidziwike anali asanafike ndi theka lomwe.

"Nanga amene tawerenga kalewa?" anafunsa Amayi a Wotchi.

"Ndi ochepa, mayi. Tikanenapo kanthu tinama."

"Ndiye makolo aja ndikawauze chiyani?"

"Musavutike. Aiwala."

"Iwo kaya. Ine sindinaiwale."

Makadi onse a ana a m'kafukufuku anawatsekera m'makatoni, galimoto n'kudzawatenga. Lachisanu lotsatira Amayi a Wotchi anakhalabe pampando, foni ili patebulo, kufikira wosesa anagogoda kuti akufuna poika ndowa zake.

Ana a pa chipatala chawo anali makumi asanu ndi anayi kudza anayi, ndipo nyumba zawo ankazidziwa, poti mwana aliyense ankakamuona kwawo pakatha sabata ziwiri. Anayamba kuyenda Loweruka lililonse, pena pa minibasi, pena wapansi. Mawu ake anali omwewo khomo lililonse: sitinapeze yankho, ndalama zinatha tisanamalize, mwana akadwala muzimaliza mankhwala monga akuuzirani kuchipatala.

Ena ankawayalira mpando. Ena ankayang'ana chikwama chawo, kuyesa abweretsa sopo. Bambo wina wowotcherera zitsulo anazimitsa makina ake n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwakwera minibasi ziwiri kudzatiuza kuti mulibe chonena?"

"Eya, bambo. Ndi zomwezo."

"Koma ndinu munthu wovuta inu. Khalani pansi, mumweko madzi."

Zinawatengera zaka ziwiri. Kwa wogulitsa nsapato anapitako pomalizira, ndipo pamenepa analakwa, iwonso amavomera. Ankaopa. Tsiku lililonse limene akanapitako ankapeza khomo lina lapafupi. Atalimba mtima anakapeza chitseko chapakidwa utoto wina, pakhonde pali zovala za anthu ena. Mwini nyumba anati mayiyo anasamuka miyezi inayi yapitayo, osanena kopita.

Tsopano anapuma ntchito. Miyendo imatupa, ndipo mwana wawo amawaimbira kuti asamukire kwa iye, azikalera zidzukulu. Amamuyankha kuti chaka chamawa. Wotchi ija inafa kalekale, koma ili pamsomali kuseri kwa chitseko, ndi chingwe chake chofiira chimene chayamba kuyera. Akamva kuti kwinakwake kuli msika, amapita molunjika kumzere wa nsapato. Ogulitsa anawazolowera.

"Agogo aja afika. Lero mugula, kapena ndi mafunso omwe aja?"

"Ndi omwe aja, mwanawe."

Ndinawafunsapo kuti akamupeza mayi wa nsapato uja adzamuuza chiyani, popeza yankho palibe. Ndinati mwina angomuuza kuti sanalakwe, mtima wake ukhale pansi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati mmene ankayang'anira pamimba pa mwana.

"Zimenezo sindikuzidziwa, ndiye sindinganene. Ndidzamuuza kuti sitinapeze, ndipo palibe dokotala amene angamuloze chala. Ndinati ndidzabwera ndekha."

Loweruka likubwerali akuti apita kumsika wa kuseri kwa depoti ya mabasi. Kumeneko sanafunseko.