Wodwala wa M'phanga

Dzulo ndinapeza bambo atagona chammbali m'chipatala kuno mumzinda wa Oshawa, tsaya lili padzanja, mapazi ali pamtunda. Nditawagwira phazi, kuzizira kwake kunandibwezera ku India, kumene ankaphunzira ine ndili wamng'ono.

Tsiku lina anatitenga ine ndi mayi kukaona mapanga amene Abuda akalekale anasema m'thanthwe, m'chigwa chakutali. Basi inatikhutchumula mpaka ndinasanza. Pakhomo tinavula nsapato. M'katimo munkanunkha mileme, anthu akungonong'onezana, ndipo kukhoma kunali chimunthu chachitali chitagona chammbali, chili chitsinzinire.

Ine ndinadziwiratu kuti pano pali matenda. Ndinagwada n'kupereka moni: "Mwaswera bwanji, agogo?" Sanayankhe. Nditakhudza phazi lawo, linali lozizira ngati madzi a mumtsuko. Zinandikwiyitsa. Khamu lonseli langobwera kudzaonerera, popanda ndi mmodzi yemwe wowafunditsa! Ndinavula juzi yanga n'kuphimba zala zitatu, poti zinazo sizinakwane.

Mlonda anabwera akukalipa. Mayi anabisa nkhope m'chitenje. Bambo anatola juziyo akuseka. "Mwanawe, uwu ndi mwala," anatero. "Koma ine ndikadzadwala, wondidwazika udzakhale iweyo."

Dzulolo m'chipatala muja ndinavula juzi n'kuwafunditsa bambo mapazi. Chiwagwirireni sitiroko anali asanatulutsepo mawu, koma anatsegula diso limodzi, mapewa n'kuyamba kugwedezeka ndi kuseka.

"Lero zakwana zonse," anatero movutikira.

Agogo a m'phanga aja sanandiyankhe, koma awa ayankha, ndipo ndayamba kale kuwakonzera chipinda kunyumba.