Kuitana Kuseri kwa Phiri

Chaka chomwe namondwe anakokolola mlatho wa kwathu, mng'ono wanga anali woyembekezera, masiku atakwana. Matenda anamuyamba m'mawa mvula ikukhuthuka. Magetsi anali atazima kale, netiweki ya foni nayo itapita. Ndinathamangira pachulu cha kuseri kwa sukulu, pomwe anthu amakaima akafuna kuimba foni, koma sizinathandize. Azibambo a m'mudzi anamunyamula pachitseko mpaka kumtsinje, n'kupeza Domasi atasefukira m'minda ya mpunga. Tinabwerera naye kunyumba. Iye anapulumuka, mwana ayi.

Madzi ataphwa tinamva kuti tsiku lomwelo tsidya lija kunali anthu othandiza, ali ndi bwato ndi galimoto. Anangosowa wowauza kuti kuno kuli wodwala. Nkhani imeneyi sinandichoke m'mutu. Ndimaphunzitsa makalasi aang'ono pafupi ndi Domasi Mishoni, ndipo nthawi zina ndinkaima pabolodi choko chili m'manja, nditaiwala chomwe ndimafuna kulemba.

Mphunzitsi mnzanga ndi amene anandiuza za madala ena a ku Malosa, omwe kale ankakonza mawailesi a ogwira ntchito m'nkhalango za paphiri. Akuti anali ndi wailesi yoti umayankhula nayo, anthu akutali n'kumakuyankha, yongofuna batire ndi waya. Loweruka lotsatira ndinapalasa njinga kukawaona.

Ndinawapeza ali pakhonde, akusenda chinangwa. Mkazi wawo anali atamwalira, ankakhala okha. Atamva nkhani yanga anandilowetsa m'kachipinda konunkha fumbi, n'kuyatsa kabokosi kakuda. Munamveka phokoso ngati la mvula padenga la malata, kenako mawu a munthu akuyankhula Chipwitikizi. Ndinawapempha kuti andibwereke kabokosiko tsiku lomwelo.

"Mayi, ichi si cha nyimbo ayi," anatero. "Kuti mutsegule pakamwa pamenepa pafunika laisensi ya boma, ndipo laisensiyo amapereka munthu akakhoza mayeso. Mukakhoza ndikupatsani yakale ili pansi pa tebuloyi. Musanakhoze muzingomvetsera."

Ndinayamba kupita kwawo Loweruka lililonse. Masamu ndinawasiya ku Fomu Folo, ndipo ngakhale nthawi imeneyo sitinkamvana. Tsopano ndinafunika kudziwa kayendedwe ka magetsi m'waya, chifukwa chake waya wa eriyo umadulidwa utali wakutiwakuti, malo a pawailesi omwe woyamba kumene amaloledwa kuyankhulapo, ndi malamulo oti sungachitirepo malonda kapena ndale. Madalawo makutu anali atayamba kugontha. Ndikafunsa ichi ankayankha china, ndipo ndinkabwerera mutu uli balala.

Kumudzi nako kunali zake. Amayi ena a kutchalitchi anayamba kufunsana kuti mkazi wapabanja amakatani sabata ndi sabata kwa bambo wopanda mkazi. Amuna anga sankanena zambiri, koma tsiku lina ndinapeza njinga ataibwereketsa kwa alamu osandiuza. Ndinayenda wapansi mpaka kumsewu wa Liwonde n'kukwera minibasi. Chondipweteka kwambiri chinachokera kwa mng'ono wanga yemwe uja. Anandiuza, osakweza mawu, kuti mawaya angawo sadzadzutsa mwana wake, ndipo ndisiye kumukumbutsa.

M'nyengo yozizira mng'ono wangayo anandinong'oneza kuti waimanso. Nditawerenga miyezi ndinaona kuti adzachira mvula ili pakati. Kuchokera tsiku limenelo chakudya chinasiya kukoma.

Mayeso ankalembetsa ku Blantyre, m'kalasi ina yobwereka. Tinalipo ochepa, mzimayi ndine ndekha. Mafunso a malamulo ndinayankha bwino, koma nditafika pa masamu a magetsi zonse zomwe ndinaloweza zinathawa. Ndinalephera. M'minibasi pobwerera ndinafunda chitenje kumutu ngati ndikumva tulo, kuti anthu asaone misozi.

Nditakawauza madalawo, nawonso anali ndi nkhani. Mwana wawo wa ku Lilongwe anali atatsimikiza zodzawatenga mvula isanayambe, chifukwa cha makutuwo ndi shuga. Ndinagwada pakhonde pawo n'kuwapempha kuti andiphunzitsenso kuyambira pachiyambi, ngati mwana wa Sitandade Wani. Anasiya mabuku. Anatenga batire, babu la tochi ndi tiziduswa ta waya, n'kumandigwiritsa ndi manja anga mpaka ndione chomwe nambala iliyonse ikutanthauza. Ndinkapita ngakhale pakati pa sabata ndikaweruka, dzuwa la Okutobala likuwotcha chishalo cha njinga.

Ulendo wachiwiri ndinakhoza, ngakhale mopulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Laisensi inafika mitambo itayamba kusonkhana pamwamba pa phiri, ili ndi zilembo ndi nambala yomwe ndi dzina langa pawailesi. Madalawo anali atanyamuka kale. Wailesi ija anaisiya kwa aneba awo, itakulungidwa m'thumba la feteleza.

Amuna anga, omwe ndinkayesa kuti sizikuwakhudza, anakwera mumtengo wa bulugama n'kumangirira waya pamwamba penipeni, mbali ina pansungwi yaitali. Bambo wina wachisilamu wa golosale anatibwereka batire ya galimoto yake yakufa, ndipo tinkaitchaja ndi sola. Ndinagwira maikolofoni n'kutchula dzina langa lija, kuitana aliyense amene akumva. Palibe anayankha. Mawa lake chimodzimodzi. Mvula yoyamba inagwa, anthu anabzala, ine ndikungoitana ndikaweruka kusukulu, mpaka ana a m'mudzi anayamba kundiyeseza posewera. Ndinaimbira foni madala aja, koma sankamvanso kanthu, ankangobwereza kuti, "Ndani kodi?"

Madzulo ena dzuwa lisanalowe, mawu a mzungu wachikulire anatuluka m'phokoso muja, akubwereza zilembo zanga pang'onopang'ono. Anali ku Joni, pafamu. Ndinamuyankha mwachimwemwe. Kenako chimwemwe chinatha, chifukwa ndinazindikira kuti ndikumveka kutsidya kwa maiko pomwe ku Zomba, kuseri kwa phiri lomweli, sakundimva. Ndinamufotokozera m'Chingerezi changa chodukaduka kuti sindikufuna kutali, ndikufuna pafupi, ndipo ndinamuuza chifukwa chake.

Anati nditsitse waya uja. Ukakhala pamwamba, mawu amathamangira kutali. Ukakhala m'munsi, kungopitirira pang'ono denga la nyumba, amakwera molunjika kumwamba n'kugwera madera oyandikana, phiri osawatchinga. Anandiuzanso malo a pawailesi oti ndiyesere m'mawa, ndipo analonjeza kuuza mnzake wa ku Blantyre kuti azindimvetsera.

Amuna anga anadandaula kuti anakwera mtengo pachabe, koma anakweranso n'kumasula. Loweruka m'mawa ndinaitana, ndipo mawu a Chichewa anayankha momveka ngati munthu ali pakhomo.

"Ndakumvani mayi a ku Domasi. Mwadzuka bwanji kumeneko?"

Amuna anga anandigwedeza paphewa kuti ndiyankhule, munthu angachoke.

Tinapangana ndi bambo wa ku Blantyre uja kuti tiziitanana m'mawa uliwonse nyengo yonse ya mvula, ndipo foni zikadzafa iye azikapereka uthenga kwa othandiza. Mng'ono wanga sanafune kudalira zimenezi. Anamanga katundu wake msanga n'kukadikirira kuchipatala, komwe anachira bwinobwino mwana wamkazi.

Mtima sunakhazikikebe. Chigwa chonse chino wokhala ndi laisensi ndine ndekha, ndipo batire ija yayamba kufooka. Ndikadzadwala kapena mvula ikadzandipeza tsidya lina, kabokosi kaja kadzangokhala patebulo. Ndakhala ndikunyengerera mtsikana wa zaumoyo wa m'dera lathu kuti aphunzire. Wabwera kangapo, koma akangoona masamu amati akumbukira kuti ali ndi sikelo ya ana.