Matenda a ana anga ndi mbewa za mdzukulu

Ufulu utangobwera ndinali pa ntchito yosungunula kopa ku Kitwe. Kampani inandipatsa nyumba ya njerwa kukomboni, ndipo ndinakatenga mkazi wanga kwathu ku Katete. Mowa sindinkamwa. Lamulungu ndinkakhala kutsogolo m'tchalitchi.

Mwana wathu woyamba, mnyamata, anabadwa bwinobwino. Anakwawa, anayenda, anayamba kuitana kuti "tate." Kenaka mimba inayamba kukula, mutu nawonso. Zala zinapindika osatambasukanso. Chimfine chosatha. Maso anachita ngati mwalowa utsi, ndipo mawu ochepa amene ankadziwa anayamba kumuthawa.

Kuchipatala anamupatsa mankhwala a njoka za m'mimba, kenaka a malungo. Dokotala ankamuyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti tibwerenso. Tinkabwereranso. Dzina la matendawo sanatiuze. Ndikhulupirira kuti nayenso sankalidziwa.

Apongozi anga anabwera pa basi kuchokera kumudzi. Ndi ine sanalankhule, mwambo sulola. Analankhula ndi mwana wawo kukhitchini, koma mokweza kuti ndimve.

"Ili ndi tsempho. Mwana satupa chabe. Atate ake anayenda ndi mkazi wina iye akali kubere."

"Amama, amuna anga ndi a mpingo."

"Amuna a kumigodi onse ndi a mpingo Lamulungu. Loweruka umawaona?"

Mankhwala a tsempho anabwera nawo m'kansalu. Koma kwathu amati mankhwalawo sagwira ntchito bambo asanavomere chimene anachita. Mkazi wanga anandigwadira m'mawa ndikumanga nsapato za kuntchito.

"Atate ake, ingovomerani mwana achire. Ine sindikusiyani, ndipo kwa akulu a mpingo sindikanena."

"Ndivomere chiyani? Sindinachite."

"Ngakhale kamodzi kokha, muja munapita ku Ndola?"

"Ku Ndola ndinapita kukagula njinga."

Sindinavomere. Munthu savomera bodza. Mwanayo anamwalira asanayambe sukulu.

Wachiwiri anali mtsikana, ndipo anakula wamphamvu. Wachitatu anali mnyamata. Ameneyu ndinkamuyang'ana tsiku lililonse ndikaweruka, ndisanavule chisoti. Ndinkamugwira pamimba, ndinkamutambasula zala. Panalibe munthu aliyense, wa diresi loyera kapena wa nsupa, amene akanatiuza ngati zili mwa iye kapena ayi. Tinkangodikira. Zinabwera monga zinabwerera kwa mkulu wake. Mkazi wanga anagwadanso, ine ndinakananso, ndipo tinamuika pafupi ndi mnzake.

Sanandisiye. Ankaphika, ankachapa ovololo yanga, kutchalitchi tinkapita limodzi. Koma za anawo sanandiuzenso kanthu, ndipo ndikatchula mmodzi wa iwo ankadzuka kukasesa pamalo posesa kale. Tinakalamba chotero, mpaka ndinapuma ntchito n'kusamukira ku Luangwa, komboni ina ya ku Kitwe komweko.

Mwana wa mtsikana wathu uja anaphunzira kwambiri, napita kunja. Atabwera kudzationa ndinamufunsa ntchito yake. Anati amaweta mbewa zoyera m'nyumba yofufuzira matenda. Mubemba woyandikana nafe anali pampanda, anaseka mpaka kutsokomola.

"Imwe a kum'mawa! Mwana mwamutumiza kunja konse kuti akasunge ndiwo?"

"Bola ife tiweta," ndinamuyankha. "Inu ndiwo zanu, anyani aja, mukali kuwathamangira m'mitengo."

Atachoka, mdzukulu anandifotokozera. Anati m'thupi muli timatumba ting'onoting'ono tophwanya zinyalala za thupilo. Ana ena amabadwa chophwanyiracho palibe, zinyalala n'kumaunjikana m'chiwindi, m'mafupa, m'mutu. Zimenezo ndinazimva msanga. Ndinagwira ntchito pa ng'anjo, ndikudziwa chimene chimachitika zotsalira zikapanda kuchotsedwa. Mbewa zake zimabadwa ndi matenda oterowo. Kambewa kakangobadwa amadula kachidutswa ka khutu n'kuyeza, ndipo amadziwa kuti aka kali nawo, aka kalibe, kasanayambe n'kudwala komwe. Akatero amayesa mankhwala msanga, thupi lisanaonongeke.

Mbewa imadziwika isanatsegule maso. Ana anga anafa opanda wodziwa chimene chinawapha.

Ndinamuuza za amalume ake awiri aja, zonse monga zinayendera, ndi kumuonetsa chithunzi cha wamkuluyo.

"Ambuya, kulumbira sindingalumbire, poti sanayezedwe. Koma zimene mwanenazi ndi nkhope iyi, zikufanana kwambiri ndi matenda amene ndimagwirapo ntchito."

"Amabwera chifukwa cha chigololo?"

"Ayi, ambuya. Mwana amabadwa nawo."

"Kawauze ambuya ako aakazi. Uwauze bwinobwino, monga wandiuzira ine."

Mkazi wanga anali pakhonde akusadzula chibwabwa, masamba a maungu. Ine ndinaima pakhomo, manja kumbuyo. Mdzukuluyo anafotokoza zonse, za timatumba, za mbewa, za khutu. Mkazi wanga sanasiye ntchito yake. Kenaka anafunsa funso limene ine sindinafunse.

"Amabadwa nawo kuchokera kwa ndani?"

Mdzukulu anandiyang'ana, kenaka anayang'ana pansi.

"Mtundu wambiri umachokera kwa makolo onse awiri, ambuya. Mtundu wina umagwira anyamata, ndipo umadzera mwa mayi. Koma palibe wolakwa. Munthu sadziwa kuti ali nazo."

"Ndiye kuti ngakhale akanavomera, sakanachira."

"Sakanachira."

"Ndipo mwa ine munali ndithu, kaya mtundu uti."

Mdzukulu anayesa kulankhula, iye anamuletsa ndi dzanja. Anaika lichero pansi. Ndinkayembekeza kuti anditembenukira n'kunena kuti ndinanena zoona. Ananenadi, maso ali kumsewu.

"Munanena zoona, atate ake."

Analowa m'nyumba. Tsiku limenelo sanadye, ndipo mawa lake anapempha mdzukulu kuti amuperekeze kumanda. Ine sanandiitane.