Zala zitatu zimene ndinasiya ku Lilongwe

Tsiku limene ndinakana jakisoni pachipatala cha kwathu ku Salima tinalipo anthu asanu: ine, mkazi wanga Abiti Saidi, mwana wanga Yusufu amene amaphunzitsa sukulu, shehe wathu, ndi dokotala wachinyamata wa kumpoto. Ndawatchula onse kuti wina asadzati ndikunama.

Matendawa anayamba ndi ludzu. Madzi ndinkamwa osakhuta, ndipo pomwe ndakodza pankadzaza nyerere. Thupi linatha, ine msodzi amene ndinkakoka ukonde wa chilimira ku Senga Bay anyamata atatopa. Kenako munga wa kampango unandibaya kuphazi, bala osapola mwezi wathunthu. Apo m'pamene ndinapita kuchipatala, khadi la chipani m'thumba monga zinkafunikira masiku amenewo, n'kukhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anayeza mkodzo ndi magazi. Dokotala anati ndi shuga, mapiritsi sangathe, ndiyambe jakisoni wa insulini.

Padoko ndinali nditamva kuti mankhwala amenewo amachokera m'mimba mwa nkhumba. Ndinaimirira. Mawu anga amamveka kuchokera pabwato mpaka kumtunda, ndiye chipatala chonse chinamva kuti nkhumba siilowa m'thupi mwanga. Dokotala anati, "Bambo, mundilole ndifotokoze." Sindinamlole. Shehe anandigwira mkono, nati chipembedzo sichiletsa mankhwala opulumutsa moyo. Nawonso ndinawakalipira.

Patapita miyezi iwiri phazi linada, chifukwa cha fungo lake mkazi wanga ankatembenukira kukhoma. Yusufu ananditengera kuchipatala cha ku Lilongwe ndisakudziwa kanthu. Nditatsitsimuka zala zitatu za kuphazi panalibe, ndipo jakisoni uja anali atandibaya kale.

Ndinalibe mphamvu zokalipa, ndiye ndinamvetsera. Dokotala wamkazi anandionetsa botolo, nati, "Ya nkhumba ilipodi, koma iyi ayi." Anati m'mnofu wa munthu muli ulusi wautali wosaoneka ndi maso, dzina lake DNA, wosunga malangizo a zonse zimene thupi limapanga. Tizilombo tina ta mabakiteriya tili ndi ngati sizasi yodula ulusi umenewo, koma siidula chisawawa, imafuna malo okhala ndi chizindikiro chake. Podulapo pamatsala nsonga, ndipo ulusi wina wodulidwa ndi sizasi yomweyo umalumikizika pomwepo. Akatswiri amatenga chidutswa cha malangizo a insulini ya munthu, n'kuchilumikiza mu ulusi wa kachilombo. Tizilomboto tikaswana timapanga insulini ya munthu.

Ndinamva msanga kuposa odwala onse m'wodimo, poti imeneyo ndi ntchito yanga. Ukonde ukang'ambika umadula pamfundo, chigamba nacho pamfundo, maso n'kukumana. Chinthu choti ndikanachimva pakanthawi kochepa chinandidyera phazi.

Lero ndili moyo. Ndimadzibaya ndekha m'mawa ndi madzulo, botolo ndimaliika mumtsuko kuti lizizizira. Pabwato sindikweranso, phazi silikhazikika. Ndimakhala pansi pa mtengo kusoka maukonde a anthu amene ndinawaphunzitsa ndine, ena moni sandipatsa n'komwe. Inu amene ludzu silikutha, kapena bala likukana kupola, pitani mwezi womwewo, ndipo mukafika tsekani pakamwa kaye.

Tsiku lija m'basi pobwerera kuchokera ku Lilongwe ndinadandaula kuti dokotala wa ku Salima uja akanandiuza zonsezi. Yusufu anati, "Bambo, botolo limene anagwira m'manja tsiku lija linali lomweli. Anayamba kukuuzani katatu. Mawu anu ndi amene sanampatse mpata."