Ntchito Yokhala M'basi

Amuna anga atachotsedwa ntchito yaulonda, mlamu wanga ananditengera pa siteshoni ya mabasi ku Chawama kwa ba Shadi, mkulu wa ang'wang'wazi, anyamata oitanira anthu m'basi. Ba Shadi anandiyang'ana, kenako anayang'ana mwana wanga Daliso amene ndinabereka kumbuyo, n'kumwetulira.

"Nchito ni kunkala chabe," anatero. "Bantu sibakonda basi yopanda bantu. Bantu bakonka bantu."

Sindinamve bwino, koma ndinavomera. Kachitidwe kake kanali kotere: basi ikafika yopanda munthu, ife olembedwa tinkalowa n'kukhala motalikirana, ena pawindo, ena kumbuyo. Wodutsa akasuzumira ankaona ngati yatsala pang'ono kudzaza, n'kukwera. Akakwera awiri enieni, mmodzi wa ife ankatsika mwakachetechete ngati akukagula madzi. Ine ankandiika pawindo la pakhomo, chifukwa ati mayi wa mwana sakayikiridwa.

Pawindo pamenepo ndi pamene ndinaphunzirira kunyengerera anthu. Ba Shadi anali ndi mawu a munthu aliyense. Wovala tayi ankamutcha bwana n'kumutsegulira kutsogolo. Wothamanga ankamukuwira kuti, "Umozi chabe, tiyende!" Wozengereza ankamuopseza kuti akaisiya imeneyi ayenda wapansi. Munthu akalunjika ku basi ya ba Lungu, imene inkaima patsogolo pathu, ankangoti, "Uja ni chakolwa, muzafa!" Ba Lungu, dalaivala amene ankatchedwa chidakwayo, ndinkawaona tsiku ndi tsiku akumwa tiyi ndi vitumbuwa, koma ine ndemwe ndinayamba kuwaopa.

Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti m'mawu onsewo munalibe amene ankanena nthawi imene basi inyamuke. Nanga ine, ndinkanama kapena ayi? Pakamwa panga sipankatuluka mawu. Ndikafunsa amuna anga, ankati kukhala pampando si tchimo. Ndikapita kutchalitchi, mtima unkandiuza zina.

Tsiku lina m'mawa anafika amake Chisomo, amene tinkatungira limodzi madzi pampopi. Anali atanyamula mwana wawo m'manja, thupi lili moto, maso atatembenuka. Ku kiliniki anawauza kuti athamangire kuchipatala chachikulu. Ankalunjika kwa ba Lungu, koma atandiona pawindo anabwerera n'kudzakhala pafupi nane.

"Mwaniona, amake Daliso," anatero. "Apo mulimo imwe, mtima wankala pansi. Izanyamuka manje?"

Ndinatembenuka kuti ndiwerenge enieni, ndipo mutu unaima. Sabata imeneyo ba Shadi anali atalemba anthu atsopano amene sindinkawadziwa. Mkulu wa chipewa uja ndi wathu kapena ali paulendo? Nanga mtsikana wa foni? Basi inkaoneka yodzaza, koma ine wantchito wake sindinkadziwa ngati inyamuka pompo kapena masana.

"Siniziba," ndinayankha.

"Simuziba bwanji? Si mwakwera?"

Chisomo anayamba kugwedezeka. Sindinganene kuti ndinaganiza mwanzeru, miyendo ndi imene inaganiza. Ndinaimirira, ndinawalanda chikwama, n'kuwakoka dzanja mpaka ku basi ya ba Lungu. Ba Shadi anakuwa kumbuyo kuti, "Iwe, sinakuuze kuseluka!"

Zimene zinachitika kenako zimandidabwitsabe. Anthu ataona mayi wa pawindo uja watsika mothamanga, nawonso anayamba kutsika. Mkulu wa chipewa, mtsikana wa foni, ena ambiri, onse pambuyo pathu, osafunsa n'komwe chifukwa. Ngakhale mmodzi wa olembedwa atsopano anatitsatira, akuganiza kuti ntchito yasamukira kumeneko. Basi ya ba Lungu inadzaza nthawi yomweyo, ndipo chidakwa chija chinayendetsa bwinobwino mpaka kukatisiya pageti la chipatala.

Ntchito inathera pomwepo. Madzulo ba Shadi anauza mlamu wanga kuti ndine mfiti yothamangitsa makasitomala. Ine sindinathamangitse munthu. Anthu anangonditsatira potuluka monga ankanditsatira polowa.

Masiku ano ndimagulitsa tomato pamsika. Munthu akandiuza kuti aliyense akugula mankhwala awa, kapena kuti komboni yonse ili kumbali ya uje, ndimafuna kudziwa kaye kuti mwa onsewo ali paulendo ndi angati, ongokhala ndi angati.

Chisomo anachira, pano ali kusekondale. Amayi ake mpaka lero amauza anthu kuti Mulungu anandiika m'basi imeneyo. Ine ndimangoti ameni, ngakhale ndikudziwa kuti anandiikamo ndi ba Shadi, komanso kuti ndikanapanda kukhala pawindo paja, iwo akanakwera ya ba Lungu poyamba pomwe.