Chinsalu cha Mikango Iwiri

Ntchito yanga yoyamba anandipezera amalume, amene ankagwira ku njanji. Ananditula kwa a Lubasi, telala wa ku komboni ya Linda, mdala waukali koma waluso. Gawo langa linali kupenda, kusita ndi simbi ya makala, ndi kukalipiridwa.

Kutatsala pang'ono kuti tilandire ufulu, mkulu wa ku sunagoge wa Ayuda anabweretsa chinsalu chotchinga kabati yosungiramo mipukutu yawo ya Chilamulo. Chinali cha veleveti yofiira, pamwamba chisoti chachifumu, m'mbali mikango iwiri ya ulusi wagolide. Nsalu yakuseri inali itadyedwa ndi njenjete, ndiye tinaiphwasula ndi lezala kuti tiikepo ina.

"Veleveti sasita, iwe," anatero a Lubasi. "Pukuta na bulashi, mukati muno."

M'katimo munali mdima, ndipo ine ndinabadwa wamakani. Ndinakachiyanika pakhonde.

Posakhalitsa panadutsa anyamata ochokera kumsonkhano wa ndale, zibonga m'manja. Ataona chisoti ndi mikango anaima, poyesa kuti ndi chizindikiro cha atsamunda.

"Iyi ni fulagi ya Kwini! Ba mdala, mukali kulambila bazungu?"

"Ni ya mu chalichi ya Bayuda," anayankha a Lubasi, koma wina anali atatulutsa kale machesi.

Mdala uja anachithothola pachingwe n'kuchigonera. Anamumenya kumsana, m'nthiti, kumutu, iye osasuntha. Mmodzi anaponda dzanja lake lamanja ndi jombo, ndipo ndinamva zala zikuthyoka ngati nkhuni zouma. Ndinapsa mtima, ndinamugenda mnyamatayo ndi simbi yamoto pachifuwa, makala n'kumwazika. Onse anatembenukira ine. Mano anga awiri ndinawalavulira pakhonde pomwepo. Anathawa ataona amuna a ku njanji akuthamangira kuno.

Magazi a pachinsalu ndinachotsa ndi madzi ozizira a mchere, podinda ndi kansalu, osakwecha. Mkulu wa Ayuda atafika sanachiyang'ane n'komwe. Anagwira dzanja la a Lubasi n'kulira, kenako anawatengera kuchipatala.

Zala zija zinapola chopindika, sizinagwirenso singano. Chinsalucho ndinamaliza ndine, iwo ali pampando akundiuza poyambira ndi polekezera. Chinabwerera ku sunagoge chili chamoyo.

Kuyambira pamenepo, katundu wa mwini sindimuonetsa kumsewu, ndipo wondiphunzitsa akati m'kati, ndi m'kati. Ndinagwira kwa a Lubasi zaka zisanu ndi ziwiri, akundikalipira pa mpendero wokhota ndi ulusi wotayika. Za pakhonde zokha sananditchulirepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo zimandiwawa kuposa mano aja.